Momwe ndinathetsera vuto la kutentha kwa giyabokosi

Nditachotsa injini yakale mu galimoto yanga ya Chevrolet C10 ya 1972 n'kuikamo ina ya mtundu wa LS ya malita 5.3 pamodzi ndi giyabokosi yosintha magiya yokha ya mtundu wa 4L60E, oyilo wa giyabokosi anayamba kufika madigiri 115 pokwera chitunda, pamene amafunika kukhala pafupi ndi madigiri 80. Oyiloyo, yemwe amakhala wofiira, anali atada ndipo ankanunkha ngati wopserera.

Choziziritsira oyilo wa giyabokosi cha m'kati mwa rediyeta chinkalephera ntchito, choncho ndinamangirira china kutsogolo kwa rediyetayo, pomwe mphepo imawomba bwino. Chakalecho sindinachichotse, chifukwa chimathandiza oyilo kufunda msanga m'mawa kukazizira. Ndinalumikiza mapaipi kuti oyilo adutse kaye mu rediyeta, kenako alowe m'chatsopanocho asanabwerere ku giyabokosi.

Kuti ndidziwe paipi yobwerera, ndinamasula imodzi, n'kuiloza m'chidebe ndi kuliza injini kwa masekondi ochepa chabe. Paipi ina inkakhudza ekizozi, ndipo ndinaisuntha isanapse. Nditasintha oyilo ndi kuyeza mlingo wake injini ikulira, geji ya kutentha kwa oyilo sinapitirirenso madigiri 90 pa chitunda chomwe chija.