Mmene ndinakonzera nthawi yomwetsa galu wanga mankhwala

Galu wanga ali ndi nyamakazi komanso chithokomiro chake chimagwira ntchito mofooka. Amamwa levothyroxine wa chithokomiro, ndi carprofen wochepetsa ululu wa m'mfundo. Carprofen uja atayamba kumupweteka m'mimba, a dokotala a ziweto anawonjezera sucralfate woteteza chifu.

Patapita masabata angapo ndinaona kuti wayambanso kungogona tsiku lonse, akunenepa, ubweya ukuthothoka. Mtima unandiwawa, ndimaganiza kuti matenda akula. Atamuyeza magazi, T4, homoni yopangidwa ndi chithokomiro, inali yotsika.

Vuto linali kwa ine: ndinkamupatsa mapiritsi onse nthawi imodzi, m'chakudya. Sucralfate amagwira levothyroxine m'matumbo kuti asalowe bwino m'magazi, ndipo chakudya nachonso chimachepetsa kalowedwe kake. Tsopano levothyroxine ndimamupatsa m'mamawa asanadye, carprofen ndi chakudya, sucralfate patadutsa maola 4 atamwa levothyroxine. Tinamuyezanso patatha mwezi, maola 5 atamwa piritsi la levothyroxine, T4 inabwerera m'malo mwake.

A dokotala amamuyezanso chiwindi ndi impso chifukwa cha carprofen. Ibuprofen wa anthu sindimupatsa ngakhale pang'ono, amawononga impso za galu, ndipo prednisone, mankhwala ena ochepetsa kutupa, sasakanizidwa ndi carprofen.