Mmene mungaletsere wizard kulamulira gemu yonse ya D&D

Anzanga a ku Nchalo ndi ku Ngabu amene mumayendetsa Dungeons & Dragons (D&D, gemu ya patebulo yosewera ndi nthano komanso madayisi), nkhani ya wizard (wamatsenga) mukuidziwa, akangofika level 5 wapeza Fireball, spell ya moto ya damage ya 8d6 (madayisi 8 a mbali 6), ndiye basi wa fighter (womenya ndi zida) amangoonerera ngati mlendo pa dambwe.

Wizard musamulande matsenga, angokwiya. Mutopetseni. Ma spell slot ake (mipata yowerengeka yoponyera matsenga) ambiri amabwerera akapuma long rest ya maola 8, ndiye musamalole kuti gulu lizigona nkhondo iliyonse ikatha. Buku la DM (Dungeon Master, woyendetsa gemu) la 2014 limati nkhondo 6 mpaka 8 pa tsiku, komatu ndi kutentha kwa ku Chikwawa kunoku palibe angapirire zonsezo patebulo, olo 4 zokha muona munthu wayamba kuumira ma spell.

Adani azimulunjika wizard akagwira spell ya concentration (yofuna kuti aziikirabe maganizo kuti isathe), akavulazidwa aponye Constitution save (dayisi yoyesa kupirira kwa thupi), DC (nambala yoti afikire) ndi 10 kapena theka la damage ngati ndi lalikulu, ikalephera spell yatha pompo.

Bwana wamkulu wa adani mupatseni Legendary Resistance (mphamvu yosandutsa save yolephera kukhala yopambana) katatu. Ndalamanso muziwerenga ndithu, poti ma spell ena amafuna zinthu zodula: mwachitsanzo cleric (wansembe) akafuna Revivify (spell youkitsa amene wangofa kumene) atulutse diamondi za 300 gp (ndalama zagolide za mu gemu), zangongole ayi.