Kutsitsimutsa thanki ya makorali imene yadzala ndere ndi Aiptasia

Thanki ya madzi a mchere ikakhala miyezi ingapo osasamalidwa, miyala imamera ubweya wobiriwira, mchenga umafunda chinsalu chofiirira, ndipo m'ming'alu mumatuluka tizilombo tabulauni tooneka ngati maluwa, totchedwa Aiptasia. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kukhuthula madzi onse, kukwecha miyala ndi kutsuka mchenga tsiku limodzi. Musatero. Makorali ndi nsomba zimene zatsalamo zinazolowera madzi oipawo pang'onopang'ono, ndipo kusintha kwadzidzidzi kumazipha msanga kuposa nderezo. Ntchitoyi muipatse miyezi iwiri kapena itatu.

Musanapise dzanja m'madzi, valani magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso. Makorali ena a mtundu wa Palythoa ndi Zoanthus amakhala ndi poizoni wotchedwa palytoxin, woopsa kwambiri akalowa pabala, m'maso kapena m'mapapo. N'chifukwa chake mwala wa m'thanki sauwiritsa pamoto, ndiponso sauthira madzi otentha, ngakhale mutafuna kupha tizilombo. Nthunzi yakeyo ingadwalitse banja lonse.

Yambani ndi kuyeza mchere. Madzi akamauma mchere umatsalira, ndiye thanki imene mwini wake sankathiramo madzi opanda mchere imakhala ndi mchere wochuluka. Mulingo woyenera pa refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi, ndi 1.025 mpaka 1.026, kapena kuti magalamu 35 pa lita. Mukapeza 1.030, tsitsani ndi 0.001 patsiku pochotsa madzi pang'ono n'kuthiramo ena opanda mchere. Kenako yezani nitrate ndi phosphate, zimene zimachokera ku zotsalira za chakudya ndi ndowe za nsomba n'kumadyetsa ndere, komanso alkalinity, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, ndipo lembani m'kope. Kumene mukupita ndi nitrate wa 5 mpaka 10 ppm, phosphate wa 0.03 mpaka 0.1 ppm, ndi alkalinity ya 7 mpaka 9 dKH.

Nkhani ya madzi kuno ku Zomba imafuna kuimvetsa bwino. Madzi a pampopi ochokera ku damu la Mulunguzi ndi okoma kumwa, koma madzi a pampopi alionse amakhala ndi kolorini ndi timichere tina timene timadyetsa ndere. A pamjigo nawo sayenera. Ofunika ndi odutsa m'sefa ya RO/DI, yochotsa timichere tonse m'madzi, amene kachipangizo ka TDS, koyeza timichere totsalira, kamawerenga 0. Ngati kakuwerenga kuposa 2 kapena 3, sinthani zam'kati mwa sefayo musanachite china chilichonse, apo ayi mudzakhala mukuthirira manyowa ndere zimene mukuzizula. Mchere nawo ukhale wopangidwira makorali. Wa kukhitchini mulibe calcium, magnesium ndi zina zofunika, ndipo madzi a ku Chilwa, ngakhale amamveka kamchere, si madzi a m'nyanja ya mchere. Popeza mchere wa makorali umachita kuitanitsidwa kunja, werengerani wa miyezi itatu musanayambe, chifukwa kulekezera ntchitoyi pakati kumabwezera zonse pambuyo.

Pa thanki ya malita 200, sinthani malita 20 sabata iliyonse. Sungunulani mchere wokwana pafupifupi magalamu 750 m'ndowa yapulasitiki yoyera, ikanimo kapampu kuti kavundule usiku wonse, yezani ndi refractometer, ndipo madziwo afanane kutentha ndi a m'thanki. Chiwiya chilichonse chakopa chisayandikire, poti kopa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu. Pokoka madzi akale ndi paipi, yamwani litsiro la pamwamba pa mchenga chigawo chimodzi chokha, sabata yotsatira chigawo china. Mchenga wokhuthala umene wakhala osagwedezeka umasunga mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, ndipo mukauvundula wonse nthawi imodzi nsomba zimatha kufa.

Sabata yoyamba yomweyo tsukani kapu ndi khosi la skimmer, chipangizo chochotsa litsiro m'madzi ndi thovu, viikani mapampu mu viniga wosakaniza ndi madzi kuti ayambenso kukankha bwino, tayani thonje lakale la m'sefa, ndipo chepetsani nyali zifike maola 6 patsiku. Chakudya chikhale chimene nsomba zimamaliza m'mphindi imodzi.

Tsopano ndere zaubweya. Zulani ndi zala kwinaku paipi ikuyamwa pomwepo, kuti tizidutswa tisauluke n'kukamera pena. Mwala umene ungachotseke, utulutseni, muukweche ndi mswachi m'ndowa ya madzi akale a m'thanki, kenako donthezani hydrogen peroxide wa 3%, yemwe amapezeka m'mafamase, pa ndere pokha osakhudza korali. Dikirani mphindi 2 kapena 3, tsukuluzani m'madzi a mchere, bwezerani. Pakapita masiku angapo nderezo zimayera n'kuthothoka. Miyala iwiri kapena itatu pa sabata yakwana. Nkhono za Trochus ndi Turbo zimathandiza, koma zimadya ndere zazifupi, ndiye muyambe mwazula.

Pali chinthu chimodzi chimene chimafooketsa anthu. Mumasintha madzi, phosphate n'kutsika, patatha masiku awiri wakweranso. Chifukwa chake n'chakuti miyala ndi mchenga zinamwa phosphate miyezi yonse ija, ndipo zimamulavula madzi akayera. Nthawi zinanso choyezera chimaonetsa 0 pamene thanki yadzala ndere, chifukwa nderezo zikumudya asanayezeke. Mankhwala a GFO m'kathumba kapena mu reactor, kabotolo kodutsitsamo madzi, amamukoka, koma yambani ndi theka la mulingo wolembedwa pa paketi. Phosphate akatsika mofulumira makorali amayera ndi kusupuka.

Aiptasia ndiye mdani amene amafuna kuleza mtima kwenikweni. Ndi kachilombo ka m'gulu la anemone, kali ndi timanja tatitali toluma makorali oyandikana nako, ndipo kachidutswa kalikonse kotsala kamamera n'kukhala kena. Choncho osakadula, osakakwecha, osakakoka ndi chopanira. Tengani ufa wa kalkwasser, womwe ndi calcium hydroxide woyera, osati laimu wopaka m'nyumba, muusakanize ndi timadzi ta RO mpaka ukhale ngati phala lolimbirapo. Ikani mu sirinji yopanda singano, zimitsani mapampu onse, fikani nayo pang'onopang'ono pakamwa pake, pakati penipeni pa timanjato, ndipo finyani mpaka kafundike konse. Mukakadzidzimutsa kamalowa m'dzenje ndipo mwalephera. Mapampu akhale ozima mphindi 20 mpaka 30. Musapitirire 5 kapena 10 patsiku, chifukwa kalkwasser amakweza pH, muyeso wosonyeza ngati madzi ali a asidi kapena ayi, ndipo phalalo likagwera pa korali limamuwotcha. Pakatha sabata bwererani pamalo omwewo, ena amaphukanso. Zikakhala mazanamazana sirinji siingathe. Pamenepo pamafunika zozidya, monga tinkhanu ta peppermint shrimp ta mtundu wa Lysmata wurdemanni, kapena Berghia, nkhono yopanda chigoba imene imadya Aiptasia yekha ndipo imafa ndi njala akatha. Nsomba ya copperband imatchulidwa kawirikawiri, koma ndi yovuta kudyetsa, ndipo kuiika m'thanki yodwala n'kuizunza chabe.

Timipira tobiriwira tonyezimira ta ndere ya Valonia mutigwedeze patsinde ndi kutichotsa tathunthu, paipi ili pafupi.

Chinsalu chofiirira chija ndi cyanobacteria, mabakiteriya ooneka ngati ndere. Chimasupuka mosavuta, ndiye chiyamweni, lunjikitsani pampu pamene madzi aima, ndipo chikakanika phimbani thanki ndi makatoni masiku 3 nyali zili zozima, skimmer ikugwirabe ntchito. Koma yang'anitsitsani kaye. Ngati ndi zabulauni zotanuka ngati mamina, zokhala ndi tithovu, zochepa m'mamawa n'kuchuluka masana, ndiponso nkhono zikufa, amenewo ndi ma dinoflagellate, tizilombo ting'onoting'ono tapoizoni. Amenewa amabwera nitrate ndi phosphate zikafika pa 0, kawirikawiri chifukwa choyeretsa mopitiriza. Chotsani GFO, lekani kaye kusintha madzi, dyetsani nsomba mowonjezera pang'ono, ndipo ikani makala a activated carbon kuti akoke poizoni wake. Nyongolotsi zaubweya za pansi pa miyala musalimbane nazo. Zachuluka chifukwa cha zotsalira za chakudya, ndipo zidzachepa zokha.

Zonsezi zimagwa ngati kutentha ndi magetsi sizikuyang'aniridwa. Madzi akhale pa 24 mpaka 26°C. Mu October ndi November thanki ya m'tauni imatha kupitirira 28°C, ndiye ikani fani yowomba pamwamba pa madzi, ndipo muziwonjezera madzi a RO tsiku lililonse poti amauma kwambiri. Mu June ndi July, makamaka cha kumtunda ngati Ku Chawe, hita ndi yofunika. Magetsi akazima mpweya umatha m'maola ochepa, ndipo umatha msanga m'thanki yodzala ndere usiku kapena yophimbidwa ndi makatoni. Kapampu kampweya ka batire kakhale pafupi, ndipo ngati muli ndi inveta, pampu yozunguza madzi ndiyo yoyamba kulumikizidwa, nyali pambuyo.

Ngati makorali amoyo atsala ochepa ndipo mwala uliwonse wadzala Aiptasia, kuyambiranso n'kwanzeru. Dulani makorali abwinowo kuwachotsa pa miyala yawo, muwasunge ndi nsomba m'thanki ina yokhala ndi pampu ndi hita. Miyala muiviike panja, pamalo opita mphepo, m'madzi osakaniza ndi jiki wopanda fungo lonunkhira, gawo limodzi la jiki pa magawo 10 a madzi, kwa sabata imodzi, ndipo jiki asakumane ndi viniga. Tsukuluzani kangapo, viikani m'madzi okhala ndi mankhwala ochotsa kolorini, yanikani padzuwa mpaka fungo litatheratu. Mchenga wakale tayani. Mwala wotere ulibenso mabakiteriya, ndiye thanki iyenera kuyenda yopanda nsomba masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya oyeretsa madzi achulukenso, ndipo nsomba zibwerere pokhapokha ammonia ndi nitrite, zonyansa zakupha nsomba, zikawerenga 0, ziwiriziwiri pa sabata.