Mmene Mungakonzekere Ulendo wa Kunyanja ndi Banja Lonse Kuchokera ku Zomba

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumakula, ndipo mabanja ambiri a ku Zomba amaganiza zokapuma ku Nyanja ya Malawi. Ngati mukutenga agogo, azakhali ndi ana aang'ono, kambiranani msanga za ndalama za galimoto, malo ogona ndi chakudya, kuti aliyense adziwe gawo lake musananyamuke.

Nyamukani m'mamawa, mudzere msewu wa M3 wodutsa ku Liwonde kupita ku Mangochi, chifukwa mwana amavutika kwambiri m'minibasi dzuwa likakwera. Tengani madzi akumwa ambiri, nthochi ndi mbatata yophika.

Chofunika kuposa zonse ndi kuyang'anira ana m'madzi. Mwana wamng'ono amatha kumira ngakhale pamalo osaya, ndipo kawirikawiri amamira mwakachetechete, osakuwa. Achibale akachuluka, aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana, choncho sankhani wamkulu mmodzi momutchula dzina, aime pafupi moti angathe kumugwira mwanayo ndi dzanja, foni ili m'chikwama, ndipo muzisinthana pakatha mphindi 30. Pewani malo a bango ndi madzi odekha, pakuti m'menemo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mukabwerera, pakatha miyezi 2, kayezetseni kuchipatala nonse amene munasambira. Mankhwala ake ndi praziquantel.

Masana, mchenga ukayamba kuwotcha mapazi, ana akhale pamthunzi. Powapatsa chambo, muchotse minga ndi zala mosamala, ndipo usiku aliyense, kuphatikizapo agogo, agone m'masikito popewa malungo.