Ndalama yotsala pamwezi: muisunge ku banki kapena mudule ngongole ya nyumba?

Malipiro alowa, banki yatapa gawo lake la ngongole ya nyumba, zapakhomo mwagula, ndipo mwatsala ndi kenakake, tinene K100,000. Kodi ipite ku akaunti yosungira ndalama, kapena ku ngongole kuti ithe msanga? Kuno ku Malawi masamu ake amakonda kukokera ku ngongole, koma musathamange. Tsatani izi.

Choyamba, thanani ndi ngongole zoluma kwambiri. Ngati muli ndi ya katapila kapena ya ku banki m'khonde, yambani ndi imeneyo. Chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, pomwe cha nyumba ndi cha pachaka.

Chachiwiri, sungani ya zadzidzidzi, yokwana kudyetsa banja ndi kulipira ngongoleyo kwa miyezi itatu. Ndalama mukaipereka ku ngongole ya nyumba simungakaitapenso tsiku limene kwagwa maliro kumudzi kapena mwana wagonekedwa m'chipatala. Posankha akaunti ya ndalama imeneyi musatengeke ndi chiwongoladzanja, n'chochepa kulikonse. Funsani zomwe amadula pamwezi, ndalama yomwe iyenera kutsalamo nthawi zonse, komanso ngati mungatape pafoni usiku. Akaunti ina imadya zambiri kuposa zomwe imabereka.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, ikani manambala awiri pambalipambali. Yoyamba ndi chiwongoladzanja cha ngongole yanu. Mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH amayambira pa reference rate, chiwongoladzanja choyambira cha mabanki onse, n'kuwonjezerapo yawo, ndipo reference rate imeneyi imatsatira zomwe Reserve Bank of Malawi yachita. Mu February 2024 banki yaikuluyi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo a ngongole anazimva m'thumba. Nambala yachiwiri ndi zomwe akaunti ingakupatseni msonkho utachotsedwa, pakuti MRA imatapa 20 peresenti pa chiwongoladzanja cha ku banki.

Tiyerekeze ngongole yanu ili pa 28 peresenti, ndipo banki ikulonjeza 12 peresenti pa fixed deposit, akaunti yomwe ndalama simuitapa mpaka nthawi yomwe mwagwirizana itakwana. K100,000 mukaipereka ku ngongole, mwapewa kulipira K28,000 pachaka, ndipo phindu limenelo palibe amalidula msonkho. Mukaisunga, ibereka K12,000, msonkho utenga K2,400, mutsala ndi K9,600. Ena amati poti kwacha ikugwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, ngongole ingosiyidwa chifukwa ikupepuka yokha. Zimenezo n'zoona kwa munthu amene malipiro ake akukwera limodzi ndi mitengo ya zinthu. Ndi angati otere? Komanso kwacha yogona mu akaunti nayo ikugwa chimodzimodzi.

Chachinayi, musanatumize ndalama pitani ku banki ndi kalata ya mgwirizano wa ngongole yanu. Funsani ngati pali chindapusa pobweza msanga, ndipo ngati chilipo, n'chochuluka bwanji. Funsaninso komwe ndalama yowonjezerayo ikalowe: idule ngongole yeniyeniyo, isakhale pambali kudikira mwezi wamawa. Kenako sankhani pakati pa kuchepetsa zaka ndi kuchepetsa ndalama yolipira pamwezi. Kuchepetsa zaka ndi kumene kumapulumutsa zambiri. Zonsezi akulembereni, mawu apakamwa a pakauntala sakakuthandizani. Ndipo dziwani kuti m'zaka zoyambirira gawo lalikulu la zomwe mumalipira limathera ku chiwongoladzanja, choncho kuwonjezera koyambirira kumagwira ntchito kuposa kwa kumapeto.

Chachisanu, onani ngati inu muli m'gulu la amwayi. Amene anatenga ngongole ya kuntchito pa chiwongoladzanja chotsika kwambiri, masamu awo amatembenuka. Iwo angapindule pogula ma Treasury bill, komwe ndi kubwereketsa ndalama ku boma, a masiku 91, 182 kapena 364, kudzera ku banki yawo, kapena poika ndalama mu unit trust, thumba lomwe anthu ambiri amasonkhamo ndalama kuti akatswiri azichulukitse, ngati ya Old Mutual. Afanizire phindu lake msonkho utachoka.

Mukasankha, uzani banki ikhazikitse standing order, lamulo loti izitumiza yokha ndalamayo mwezi uliwonse, yochoka tsiku lotsatira malipiro, ndalamayo isanaonedwe ndi achibale kapena inu eni. Pakatha miyezi itatu pemphani sitetimenti ya ngongole, muone ngati yatsika ndi ndalama yomwe mwawonjezera. Reference rate ikasintha, bwerezaninso masamu aja.