Setifiketi ya project management: musanataye ma rand anu, tamvani kaye

Achimwene ndi achemwali a ku Mulanje ndi ku Thyolo amene muli ku Joni, ku Cape Town, enanso ku UK, nkhani iyi ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp. Mpaka makolo anu akumandipeza kuno ku Luchenza, akuti mwana watumiza uthenga akufuna ya fizi achite kozi ya project management basi ntchito ya mu ofesi aipeza. Ndiye ndiyankhe kamodzi.

Pepalalo limathandiza, sindikana. Koma limathandiza munthu amene anayendetsapo kale ntchito yooneka, ali ndi umboni wake, komanso pemiti yake ili bwino. Popanda ziwirizi ndiye kuti mwagula helemeti pomwe njinga ya kabaza mulibe.

Mapepala amene mabwana amawadziwa ndi ochepa. Setifiketi ya PMP (Project Management Professional) imachokera ku bungwe la ku America la PMI, lomwe linayamba mu 1969. Kuti akuloleni kulemba amafuna digiri ndi miyezi 36 yotsogolera ma project, kapena ngati muli ndi ya sekondale yokha ngati MSCE yathuyi, miyezi 60, kuphatikizapo maola 35 a maphunziro. Mayeso ake mafunso 180, pafupifupi maola anayi uli pampando, ndipo mtengo wa mayeso okhawo ndi madola opitirira 400. Mng'ono wake ndi CAPM, iyi safuna kuti unagwirapo ntchito, amangofuna ya sekondale ndi maola 23 a maphunziro. PRINCE2 ndi ya ku Britain, pano ili m'manja mwa kampani ya PeopleCert, ili ndi magawo a Foundation ndi Practitioner, a ku UK ndi imene muziiona kwambiri pa ma advert pamodzi ndi za APM, bungwe la oyendetsa ma project la komweko. Kozi ya Google ya pa webusayiti ya maphunziro ya Coursera ndi yabwino pophunzirira uli pa foni usiku koma musamaitchule kuti PMP, si imeneyo.

Tsopano mumve zimene anandichita ine ku Joni.

Mkulu amene anandipusitsayo anali wa kwathu konkuno, ndiye poyambira vuto pamenepo. Amayankhula Chichewa, moni wa Chilhomwe amautha, amatchula Chitakale, Limbuli, Makwasa ngati wachokako dzulo, ndipo tinadziwana ku tchalitchi. Anati pali koleji mu town, chakufupi ndi Park Station, imapereka PMP pongophunzira Loweruka lokhalokha, ndipo ukamaliza amakupezera ntchito okha. Ine nthawi imeneyo ndili pa site, ndikulemba ma delivery a simenti ndi njerwa, foromani akachoka ndimatsala ndikuyendetsa anyamata koma malipiro a ganyu. Ofesi yawo ndinakaiona, mipando yabwino, khoma lodzaza ma frame, mtsikana wa pa reception atavala suti. Ndinalipira pang'onopang'ono, ndalama imene inayenera kupita kumudzi kukagula feteleza ndi malata.

Maphunziro ake anali mafotokope. Mphunzitsi amabwera mochedwa, amawerenga zomwe zili papepala zomwezo, ukafunsa za mayeso akuti musadandaule, ife timakonza zonse ndi ku America. Pamapeto anatipatsa pepala lokongola, chidindo chagolide, zilembo za PMP zikuluzikulu pakati, koma pansi pake timalemba ting'onoting'ono tonena kuti munthuyu anapezeka nawo pa maphunziro okonzekera. Kupezeka nawo basi! Palibe mayeso a PMI amene tinalemba.

Zinadziwika pa intavyu ku kampani ina yomanga chaku Midrand. Mayi wa HR anali wa ulemu wake, anangotsegula webusayiti ya PMI pomwe pamapezeka mayina a anthu amene ali ndi setifiketi, nalemba dzina langa ine ndikuona. Mulibe. Anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Kenaka anandifunsa funso losavuta la bajeti ndi ndondomeko ya ntchito, ndinayankha bwinobwino chifukwa ndi zomwe ndimapanga daily pa site, koma nkhope yawo inali itasintha kale, kwa iwo ndinali munthu wobwera ndi pepala labodza. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chimenechi, kuti pepala lawolo linandilanda ntchito imene mwina ndikanaipeza ndi CV yanga yachabechabe ija.

Nditabwerera ku ofesi kuja mkulu uja sanachite ngakhale manyazi. Akuti mayeso ndi ndalama ina yapadera, onjezerani tikulembetseni. Ndati bwezani yanga, akuti werengani fomu munasaina. Nditatchula za polisi anaseka, nkundifunsa mwa Chichewa chabwinobwino kuti kodi achimwene pasipoti yanu masiku ake alipo? Amadziwa kuti ambiri timalowa ndi masiku 30 aja, ndiye amasankha dala anthu amene sangakadandaule kulikonse. Patapita nthawi ofesi inasamuka, nambala inasiya kugwira, koma ndikumva kuti ku ma group a anthu akumudzi akutumizabe ma poster, dzina la koleji lokha ndi limene linasintha.

Ndiye tamverani. Koleji siipereka PMP. Ingakuphunzitseni maola 35 aja, koma kulembetsa mumalembetsa nokha pa akaunti yanu ya PMI, ndi imelo yanu, ndalama ya mayeso imaoneka pa akaunti yomweyo, mayeso mumakalembera ku senta ya kampani yolembetsa mayeso ya Pearson VUE kapena pa intaneti kamera ikukuyang'anani. Wina akati ndipatseni ndikulembetsereni, pasiwedi ndisunga ine, thawani. Wina akati pali munthu wolembera anthu mayeso, thawani kwambiri, akakugwirani amakulandani pepala ndi kukuletsani kulembanso. Akati ntchito ndi yotsimikizika mukamaliza, afunseni kampani yake ndi iti, muone mmene ayambire chibwibwi. Ngati akuti ndi dipuloma ya ku South Africa komweko, dzina la koleji lipezeke pa mndandanda wa Department of Higher Education and Training ndipo kozi ikhale ndi nambala ya SAQA, bungwe la boma la kumeneko loyeza mapepala a maphunziro, mudzifufuzire nokha osati kuonetsedwa screenshot.

Mapepala anu a kuno, kaya a ku MUST ku Ndata, kaya MUBAS, kaya a TEVETA, atumizeni ku SAQA akawayeze, amene muli ku UK bungwe lake ndi ENIC. Zimenezo zilibe nkhani, ndi fomu ndi kudikira.

Chimene anthu akwathu mumachipeputsa ndi ntchito imene munagwira kale kuno. PMI safuna kuti udindo wanu uzilembedwa kuti project manager, amafuna kuti munatsogolera ntchito yokhala ndi poyambira ndi pothera. Apa musadzinamize ayi. Ukapitawo woyang'anira othyola tiyi ku esiteti tsiku ndi tsiku si project, ndi ntchito ya masiku onse, ngakhale munaigwira zaka khumi. Koma ngati munayendetsa zoika mapaipi a mthirira, kuzula tiyi wakale ndi kubzala watsopano pa munda wina, kumanga buloko ya sukulu, kukumba mijigo, kapena munali ndi ma NGO pomanganso nyumba ndi milatho Freddy atatiwononga mu March 2023, zimenezo ndiye zenizeni. Lembani chilichonse, inayamba liti, inatha liti, anthu angati, ndalama zingati, inuyo mumapanga chani. Ndipo sakani bwana wanu wakale pano pomwe, nambala ndi imelo yake, chifukwa PMI amasankha ma fomu ena nkufuna kuti amene munamutchulayo atsimikize. Mukadikira mupeza bwanayo anapuma ntchito, NGO inatseka ofesi pa boma, ndiye muzivutitsa mlongo wanu kuti akwere minibasi kukasaka kalata yomwe palibe woilemba.

Za pemiti sindikufuna kukangana ndi munthu. Setifiketi iliyonse siisintha chidindo cha mu pasipoti. Kampani imene imafuna PMP ndi yomweyo imene HR wake amayamba wafunsa pemiti asanaone china chilichonse. Ku UK nakonso, ngati munalowa pa ntchito yosamalira okalamba, PRINCE2 payokha siikusamutsani, pamafunika kampani yokhala ndi chilolezo chokusponsani. Ndipo a zomangamanga ku South Africa dziwani kuti kuli bungwe la SACPCMP lolembetsa oyendetsa ma project a zomanga, PMP siilowa m'malo mwake.

Maganizo anga, ndipo ena akwiya. Ngati mukugwira ku garden, m'nyumba kapena mu shopu ndipo simunayendetsepo project, PMP isiyeni kaye, simukuyenera ngakhale kulemba. Phunzirani Excel mpaka muidziwe, kulemba ma minitsi, kuwerengera zipangizo, kenaka CAPM kapena PRINCE2 Foundation, ndipo muzisaka ntchito za site clerk, project administrator, coordinator. Pamenepo ndi pamene miyezi ija imayambira kuwerengeka. Amene mukuganiza zobwerera kumudzi kudzasaka za ma NGO ku Blantyre kapena ku Lilongwe, yang'anani Project DPro ya PM4NGOs, buku lake ndi laulere pa intaneti ndipo mayeso ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi PMP, ngakhale kunonso ma advert ambiri amayamba ndi digiri.

Chinanso chimene ma agent sanena, PMP imafuna kuikonzanso zaka zitatu zilizonse, ndi maola 60 a maphunziro owonjezera ndi kandalama kena. Ngati simuli mu ntchito yake mudzangoiona ikutha mphamvu ili mu sutikesi.

Ndipo chonde, musamaimbire amayi kuti agulitse kamunda ka tiyi kapena kupinyolitsa nthochi chifukwa wina wati malo atsala awiri okha, mulipire lero. Mayeso a PMP ndi a PRINCE2 amalembedwa chaka chonse, tsiku mumasankha nokha, malo amene akuthawo ndi a mu kalasi mwake mwa iyeyo.