Mukatsogola pa match play musathamangire mbendera

Anzanga osewera gofu kuno ku Harare, kanzeru aka kandipulumutsa kangapo ku mabwalo a gofu a Chapman ndi Royal Harare pa match play, mpikisano womwe mumalimbana ndi mnzanu hole ndi hole, wowina mahole ambiri ndiye wapambana. Mukakhala 2 up kapena 3 up (mwatsogola ndi mahole awiri kapena atatu) kwatsala mahole ochepa, simukufunikanso birdie (kumaliza hole ndi kumenya kumodzi kochepera pa chiwerengero choikika, par) ayi, kungofanana naye mnzanuyo kwakwana basi, chifukwa hole iliyonse yomwe mwafanana mwayi wake ukunka nutha ndipo wothamanga mtima ndi iyeyo osati inu.

Ndiye pa tee (poyambira hole) tengani kalabu yomwe mumaikhulupirira olo ikhale 3 wood yomwe siponya patali kwambiri ngati driver, bola mpira ugwere pa fairway, njira ya udzu wometedwa bwino. Ku green (malo omwe pali dzenje ndi mbendera) lozani pakati, mbendera ikakhala pafupi ndi bunker (dzenje la mchenga) kapena madzi isiyeni.

Chachikulu kwa ine ndi ichi: amene mpira wake uli kutali ndi dzenje ndiye amayamba kumenya, ndiye ukakhala wa mnzanuyo dikirani muone kaye. Akagwera m'madzi, inu sewerani modekha, bogey (kupitirira par ndi kumenya kumodzi) ikhoza kukuwinitsani hole imeneyo, zomenya modutsa m'mitengo zachani? Komanso ma putt aafupi aja (kumenya kolowetsa mpira m'dzenje) munkamupatsa aulere kumayambiriro, pofika hole 15 muuzeni alowetse yekha, dzanja limanjenjemera nthawi imeneyo.